Kuika soketi yowonjezera pa wailesi ya VHF ya pa boti

Amene anakwerapo boti la injini kuchoka pa Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi pa Nyanja ya Chilwa akudziwa kuti injini ikayamba kulira, ngakhale mnzanu amene mwakhala naye benchi limodzi simumvana. Woyendetsa amakhala kumbuyo, dzanja lili pa injini, pamene wailesi ndi maiki yake zili kutsogolo. Nchifukwa chake eni maboti amene ali ndi wailesi ya VHF amafuna poti azilumikizapo hedifoni, batani lolankhulira lakunja, kapena chojambulira mawu. Amisiri ambiri amagwa pa zinthu ziwiri: wailesi imayamba kutumiza yokha madzi akangolowa m'soketi, kapena mawu amatuluka ndi mluzu ndi phokoso la injini. Njira ili pansipa imagwiritsa ntchito relay (siwichi yoyendetsedwa ndi magetsi) yaing'ono kuti wailesi izigwirabe ntchito ngati mmene inachokera ku fakitale pamene soketi ilibe kanthu, ngakhale itanyowa.

Musanamasule sikuluwu ndi imodzi yomwe, yang'anani kumbuyo kwa wailesi. Mawailesi ambiri amabwera kale ndi mawaya a sipika yakunja komanso a NMEA 0183 olumikizira GPS pa liwiro la 4800 baud. Ngati mwini boti akungofuna sipika yokuwa pafupi ndi injini, lumikizani pa mawaya amenewo basi, wailesiyo musaitsegule. Dziwaninso kuti mukaboola chikuto, waranti yatha, ndipo chizindikiro cha IPX7, chimene chimatanthauza kuti wailesi ikhoza kumira mita imodzi kwa mphindi 30 osalowa madzi, sichingadaliridwenso. Muuzeni mwini wake zimenezi ntchito isanayambe. Ntchitoyi sikhudza mphamvu yotumizira kapena matchanelo. Zimenezo zimayendera laisensi ya MACRA, zisiyeni mmene zilili.

Zida ndi zipangizo

Chowotcherera cha nsonga yopyapyala, chotentha pakati pa 320 ndi 350 °C. Chija chachikulu chowotcherera marediyeta, kapena chotenthetsa pa mbaula, chimanyamula njira za kopa pa bodi.
Solda wa 60/40 wokhala ndi rosin m'kati, wa 0.5 mpaka 0.8 mm. Flux ya asidi ya mapaipi isayandikire.
Multimeter, galasi lokulitsa, tupa yaing'ono, masikuludiraiva osatha kumutu.
Dirilo, nsonga ya 3 mm, ndi step drill yofika 16 mm.
Dummy load (cholowa m'malo mwa eriyo poyesa) ya 50 ohm, ndi wailesi ina yomverapo poyesa.
Soketi ya GX16 ya mapini 6, pulagi yake ndi kachitsekero. Mukapeza SP13 ya pulasitiki ya IP68, imapirira madzi kuposa GX16, ndipo bowo lake ndi 13 mm.
Relay ya 12 V ya DPDT, monga Omron G5V-2, ndi diode 1N4148.
Resistor ya 10k, capacitor ya 10 µF 25 V, ma capacitor anayi a ceramic a 1 nF, ndi polyfuse (fyuzi yodzibwezeretsa yokha) ya 0.3 A.
Waya wopyapyala wa tinsinga tambiri, 26 AWG, mitundu inayi, ndi theka la mita la waya wa shield (wokutidwa ndi tinsinga toluka).
Heat shrink, sipiriti wa isopropyl, girisi wa silicone, ndi silicone yomatira ya neutral cure.

Zina mwa izi sizipezeka mu msika wa Zomba, ndipo nthawi zambiri pamafunika kutuma munthu ku Blantyre kapena ku Limbe. Relay mukhoza kuichotsa pa bodi yakale, bola muwerenge kuti koyilo yake ndi ya 12 V ndipo ili ndi masiwichi awiri m'kati. Dummy load ikasowa, lumikizani ma resistor 20 a 1k 2 W a metal film mbali ndi mbali, miyendo yaifupi, pa pulagi ya PL-259. Zimapereka 50 ohm, ndipo n'zokwanira poyesa pa 1 W. Babu la galimoto si dummy load.

Mapini tiwagawa motere: pini 1 ndi GND (negativi), pini 2 mawu otuluka, pini 3 maiki yakunja, pini 4 GND ya maiki, pini 5 batani lolankhulira (PTT), pini 6 ndi 12 V. Lembani izi pa pepala tsopano lino.

Sitepe 1: Yesani wailesi isanatsegulidwe

Ilumikizeni pa batire ndi dummy load, muike mita pa waya wofiira, mulembe mphamvu imene ikukoka. Ikamangomvera imakoka pafupifupi 0.3 mpaka 0.5 A, pa 1 W imakoka 1 A kapena kupitirira pang'ono, pa 25 W imafika 5 kapena 6 A. Mverani mawu ake pa wailesi inayo. Manambala amenewa ndi amene mudzafananize nawo pomaliza, ndiponso amakutetezani mwini wake akadzanena kuti inali bwinobwino pamene inabwera yofooka kale.

Chenjezo: poyesa gwiritsani ntchito tchanelo 72 kapena 77. Tchanelo 16, pa 156.800 MHz, ndi ya ngozi ndi kuitanirana, ndipo 70 ndi ya DSC yokha (kuitana pa data, monga kwa batani la DISTRESS). Batani lofiira la DISTRESS limatani ndi tepi kuti chala chisalakwire.

Sitepe 2: Tsegulani

Chotsani mawaya onse awiri pa batire, osati kungozimitsa pa batani, chifukwa gawo lotumizira limakhala ndi magetsi ngakhale wailesi ili yozima. Masikuluwu aikeni pa katoni motsatira malo ake, poti kawirikawiri amasiyana kutalika, ndipo lalitali likalowa m'malo mwa lalifupi limakafika pa bodi. Labala wotchinga madzi muchotseni pang'onopang'ono osamukoka. Jambulani m'kati ndi foni musanakhudze kanthu. M'miyezi youma, khudzani kaye chitsulo cha wailesi musanagwire bodi, kuti magetsi a m'thupi (static) achoke.

Sitepe 3: Pezani mawaya a maiki ndi PTT

Apa ndi pamene ntchito imakomera kapena kuwonongekera, ndiye musathamange. Tsatirani chingwe cha maiki ya m'manja kufika pamene chikulowa pa bodi. Nthawi zambiri chimathera pa kapulagi koyera ka mawaya anayi mpaka asanu ndi atatu. Mitundu ya mawaya musaikhulupirire, kampani iliyonse ili ndi yake.

Bwezerani magetsi, dummy load ili pamalo, wailesi pa 1 W. Waya wakuda wa mita ukhale pa negativi ya wailesi. Yezani waya uliwonse kawiri, batani la maiki lisanadinidwe ndi litadinidwa, mulembe zonse. Waya wa PTT umakhala pa 3.3 V kapena 5 V, ndipo umagwa kufika pafupi ndi 0 V mukadina. Waya wa mawu ndi umene uli m'kati mwa shield, ndipo ngati maiki ndi ya electret pamakhala mavoti angapo a DC oidyetsa.

Pali misampha iwiri. Maiki zokhala ndi mabatani osinthira tchanelo nthawi zina zimadutsitsa mabatani angapo pa waya umodzi, lililonse ndi resistor yake. Mukaona waya ukugwa kufika pakatikati, mwachitsanzo 1.2 V, osati 0 V, ndiye kuti wailesi imazindikira batani poona voteji. Mukaugwetsera ku GND mwachindunji ikhoza kusintha tchanelo m'malo motumiza. Tsegulani maiki, muwerenge resistor ya batani la PTT, mudzaike yofanana nayo pa sitepe 7. Msampha wachiwiri ndi maiki zokhala ndi sikirini yakeyake, zimene zimalankhulana ndi wailesi pa data. Zimenezo njira ino sigwira, tsekani wailesi mubweze.

Chenjezo: nsonga ya mita ikaterereka n'kukhudza mapini awiri nthawi imodzi, CPU (ubongo wa wailesi) ikhoza kupsa. Vekani nsongayo heat shrink, mungosiya milimita imodzi.

Sitepe 4: Pezani potenga mawu otuluka

Mukufuna mawu osasintha munthu akapotokola volume. Yang'anani miyendo itatu ya volume. Tsegulani squelch (chotsekera phokoso pamene palibe wolankhula) mpaka wailesi izichita phokoso la "shhh", muike mita pa AC, muyeze miyendo iwiri ya m'mbali. Umodzi ndi GND. Winawo ukaonetsa mamilivoti amene sakusintha mukamapotokola, ndipo akuzimirira mukatseka squelch, malo ake ndi amenewo.

Mawailesi ambiri atsopano sali choncho. Mwendo wa m'mbali umangoonetsa 3.3 V kapena 5 V ya DC yosagwedezeka, chifukwa volume imangouza CPU, mawu sadutsapo. Pamenepo muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi IC yolandirira: pa TA31136 ndi MC3361 mawu amatulukira pa mwendo 9. Koma mawu a pamenepo sanadutse mu squelch ndiponso sanasefedwe, moti amamveka akuthwa ndipo phokoso silisiya. Ndi abwino kwa ofuna kuwerenga AIS (uthenga wa data wosonyeza pamene zombo zili) pa kompyuta, pa 161.975 ndi 162.025 MHz, koma m'makutu mwa woyendetsa boti amatopetsa. Yachiwiri ndi kutenga pa mawaya a sipika yakunja kudzera mu thiransifoma yaing'ono ya 600:600 ohm, n'kuvomera kuti mawu azitsatira volume.

Musanakhudze mawaya a sipika, yezani waya uliwonse ndi GND. Onse awiri akaonetsa pafupifupi 6 V ya DC, ampulifaya ndi ya bridge, ndipo palibe waya umene ungagwetsedwe ku GND. Ambiri amaganiza kuti waya wakuda wa sipika ndi negativi, n'kuulumikiza ku pini 1. IC ya mawu imapsa pompo.

Dziwani kuti mawu a pa volume ndi ofooka, amakwanira chojambulira kapena ampulifaya yaing'ono, koma sangayendetse hedifoni ya 32 ohm mwachindunji. Hedifoni imafuna ka ampulifaya monga LM386 m'kabokosi kunja, kodyera pa pini 6.

Sitepe 5: Pezani 12 V yozima pamodzi ndi wailesi

Funani malo oonetsa voteji ya batire wailesi ikayaka ndi 0 V ikazima. Mwendo wodyetsa IC ya mawu ndi poyambira pabwino. Pa TDA2003 ndi mwendo 5. Musatenge pa waya wodyetsa gawo lotumizira. Umakhala wamoyo usiku wonse, umatha batire boti lili pa doko, ndiponso umadzaza ndi RF (mphamvu ya mafunde a wailesi).

Sitepe 6: Boolani

Chitsulo cha kumbuyo chokhala ndi timizere ndi choziziritsira gawo lotumizira, ndipo bodi imamangidwa pamenepo ndi girisi wa kutentha. Kuboola pamenepo kumafuna kuchotsa bodi yonse ndi kumasula solda wa soketi ya eriyo. Ngati malo alipo, boolani chikuto chimene chimachoka chokha, makamaka mbali ya pansi kapena ya m'mbali, osati pamwamba pomwe madzi amadikha. Yezani kuti m'kati mutsale malo okwana masentimita awiri kumbuyo kwa soketi, ndipo kunja soketi isagundane ndi chitsulo chopachikira wailesi.

Chikutocho chiboolereni kutali ndi bodi, ngakhale panja. Yambani ndi 3 mm, kenako step drill pang'onopang'ono. Salazani ndi tupa, mutsuke ndi sipiriti, muumitse. Utuchi wa aluminiyamu sugwidwa ndi maginito, ndipo kachidutswa kamodzi kotsalira kamayendayenda mpaka tsiku lina kadzakhale pakati pa miyendo ya IC boti lili pakati pa nyanja.

Malo akasoweratu, boolani 12.5 mm, muike cable gland ya PG7, mutulutse kachingwe ka masentimita 15, soketi ikhale kumapeto kwake.

Sitepe 7: Lumikizani relay

Choyamba, chifukwa chake. Waya wa PTT wa wailesi umakwezedwa ndi resistor yaikulu. Tinene kuti ndi 47k pa 5 V. Madzi akapanga njira ya 10k pakati pa pini ya PTT ndi GND, voteji imagwa kufika 0.9 V, ndipo CPU imaona ngati munthu wadina. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye madzi ake ndi amchere, makamaka akamaphwera, ndipo dontho limodzi limakwanira kuchita zimenezi. Wailesi ikakhala pa tchanelo 16 imatsekereza aliyense wapafupi, mwini wake osadziwa, chifukwa wailesi yotumiza simva. Mawailesi ambiri atsopano amadula okha pakatha mphindi 5, koma pa ngozi mphindi zimenezo n'zambiri. Koyilo ya G5V-2 ya 12 V ndi 288 ohm, ndipo imafuna pafupifupi 9 V kuti igwire. Pa batire ya 13.8 V, njira ya madzi iyenera kutsika pansi pa 150 ohm kuti relay idine. Chinyezi chokha sichifika pamenepo.

Tsopano lumikizani motere, batire itachotsedwa. Kuchokera pa 12 V ya sitepe 5, ikani polyfuse pafupi penipeni ndi pamene mwatengapo. Kuseri kwa polyfuse kutuluke mawaya awiri, wina ku pini 6, wina ku mwendo umodzi wa koyilo. Mwendo wina wa koyilo upite ku pini 5. Diode 1N4148 ikhale pa miyendo iwiri ya koyilo, mbali yokhala ndi mzere wakuda iloze ku 12 V. Mukaitembenuza, polyfuse imadula nthawi iliyonse mukadina batani, kapena diode imapsa.

Siwichi yoyamba ya relay ndi ya PTT: COM (mwendo umene umasinthana pakati pa inayo iwiri) ku GND, NO (umene umakhudzana ndi COM relay ikadina) ku waya wa PTT wa wailesi. Ngati munapeza resistor pa sitepe 3, ikhale pakati pa NO ndi waya wa PTT. Waya wa PTT musaudule, ingosendani pang'ono mulumikizepo.

Siwichi yachiwiri ndi ya mawu. Dulani waya wa mawu wa maiki ya m'manja masentimita atatu kuchokera pa kapulagi koyera, osati njira ya kopa pa bodi, kuti tsiku lina zidzatheke kubwezera. Mbali yopita ku bodi ipite ku COM, mbali yochokera ku maiki ya m'manja ipite ku NC (mwendo umene umakhudzana ndi COM relay isanadine), ndipo NO ipite ku pini 3 pa waya wa shield. Shield ilumikizidwe ku GND ya maiki pa kapulagi komweko, kwinako ku pini 4. Mwanjira imeneyi maiki imodzi yokha ndi imene imamveka nthawi iliyonse, ndipo maiki yakunja ya electret imadyetsedwa ndi wailesi yomwe. Amene amangolumikiza maiki ziwiri pamodzi amapeza mawu atatsika, kwinaku maiki yopachikidwa ija ikutola phokoso la injini.

Miyendo ya COM, NO ndi NC itsimikizeni ndi mita musanawotcherere. Relay imatani chagada pa malo opanda kutentha ndi tepi ya mbali ziwiri kapena kadontho ka silicone.

Sitepe 8: Lumikizani mawu otuluka ndi GND

Wotchererani resistor ya 10k pa malo a sitepe 4, mwendo wake usapitirire mamilimita atatu. Resistor ikhale pa bodi pomwepo, osati ku soketi, kuti shoti ya kunja kapena waya wautali zisasokoneze wailesi. Itsatane ndi capacitor ya 10 µF, mbali ya + iloze ku bodi, kenako waya wa shield kupita ku pini 2. Pa mwendo wa IC musapitirire masekondi awiri kapena atatu, ndipo ndi bwino kutsatira njira ya kopa n'kuwotcherera pa resistor kapena capacitor yoyandikana nayo m'malo mwa mwendo weniweniwo. Pini 1 ipite pa GND yaikulu ya bodi, pafupi ndi pamene waya wa negativi umalowera.

Kumbuyo kwa soketi, ikani ma capacitor a 1 nF: pini 2, 5 ndi 6 ku pini 1, ndipo pini 3 ku pini 4. Miyendo isapitirire mamilimita asanu, chifukwa pa 156 MHz mwendo wautali umalepheretsa capacitor kugwira ntchito. Manambala a mapini awerengeni pa pulasitiki ya soketi. Mukaiona chakumbuyo amayenda mobwerera.

Mawaya adutse m'mphepete, kutali ndi soketi ya eriyo ndi timakoyilo ta kopa tozungulira pamenepo. Timakoyilo timeneto musatipinde, ndipo tima trimmer musatipotokole. Siyani waya wokwanira kuti chikuto chizitseguka osakoka, kenako mangani mtolo wonse pa malo awiri. Mabampu a msewu wa ku Kachulu ndi kunjenjemera kwa injini zimathothola waya wolendewera pa solda yekha.

Sitepe 9: Yesani musanatseke

Batire isanalumikizidwe, yezani kuti palibe shoti pakati pa mapini oyandikana, komanso pakati pa pini 6 ndi pini 1. Ikani fyuzi ya 3 A poyamba, dummy load, 1 W. Soketi ilibe kanthu, wailesi ichite zonse ngati pa sitepe 1, manambala omwewo. Kenako gwirizanitsani pini 5 ndi pini 1: relay imveke "tiki", wailesi itumize. Lumikizani maiki yakunja mumvere pa wailesi inayo. Mawu akamveka ophwanyika, maikiyo ndi yamphamvu kwambiri, ichepetseni ndi resistor, chifukwa wailesi imadula mawu opitirira 5 kHz ya deviation. Mukafuna kulowetsa mawu ochokera ku foni kapena kompyuta pa pini 3, adutse mu resistor ya 100k ndi capacitor ya 1 µF, poti maiki imapereka mamilivoti ochepa chabe.

Bwezerani fyuzi yake yeniyeni, muyesenso pa 25 W ndi dummy load yokwanira mphamvuyo, masekondi ochepa. Mluzu umene umabwera pa 25 W pokha ndi RF yolowera pa mawaya atsopano. Fupikitsani miyendo ya ma capacitor, ndipo vekani ferrite pa chingwe chakunja pafupi ndi pulagi. Potsiriza nyowetsani thonje m'madzi a mchere mukhudzitse pa pini 5 ndi pini 1. Wailesi isatumize. Tsukani ndi sipiriti mukatha.

Sitepe 10: Tsekani madzi

Pakani silicone ya neutral cure pansi pa mlomo wa soketi musanamange nati, ndi kumbuyo pa solda yense. Idikireni maola 24. Labala wa chikuto mupakeni girisi wa silicone pang'ono, alowe m'ngalande yake osapotoka, ndipo masikuluwu amangidwe mopingasa. M'mapini ikani girisi womwewo. Matani pepala la mapini m'kati mwa chikuto, lina mupatse mwini boti.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Silicone ya m'bafa, yonunkha viniga. Imatulutsa asidi pouma, ndipo m'bokosi lotseka asidiyo amadya kopa ndi solda. Wailesi imachoka pa benchi ili bwino, n'kudzafa patapita miyezi.

Kulumikiza pini 4 ndi pini 1 m'kati mwa pulagi pofuna kusunga waya. Mphamvu ya relay ndi ya ampulifaya imayamba kudutsa pa shield ya maiki, ndipo womvera amamva kulira kokwera ndi kutsika motsatira injini.

Kusiya soketi pambalambanda. Pini 6 ili ndi 12 V, ndipo pini 5 nayonso ili ndi 12 V yodzera mu koyilo. Madzi amchere akakhalapo wailesi ili yoyaka, mapini amabiriwira n'kudyeka. Kachitsekero kamangirireni pa wailesi ndi kachingwe. Ngati palibe chofuna 12 V kunja, pini 6 isiyeni yosalumikiza.

Vaseline pa labala. Pa chitsulo alibe vuto, koma labala wina amafufuma naye n'kuleka kutseka.

Kudina PTT popanda eriyo kapena dummy load, poganiza kuti sekondi imodzi si kanthu. Gawo lotumizira ndi chimodzi mwa zinthu zodula kwambiri m'wailesi, ndipo kulipeza kuno n'kovuta.

Kuwotcherera wailesi ili pa batire kapena pa chaja, makamaka magetsi a ESCOM akathima n'kuyatsa chowotcherera pa inveta yopanda ethi. Nsonga ikhoza kukhala ndi voteji yokwanira kuboola CPU. Chotsani mawaya onse pa wailesi, ndipo pa miyendo ya IC zulani chowotcherera ku magetsi, muwotcherere ndi kutentha kotsalira.